Namondwe Atapita, Alendo Amabwerera Liti? Nkhani ya Chilumba cha Dominica

Usiku wa pa 18 September 2017, nduna yaikulu ya dziko la Dominica, a Roosevelt Skerrit, anali m'nyumba yawo ya boma akulemba pa Facebook. Anauza dziko lonse kuti mphepo yasasula denga la nyumbayo, madzi akulowa, ndipo palibe chimene angachite. Patapita kanthawi analembanso kuti anthu abwera kudzawapulumutsa. Tangoganizani: ngati denga la mtsogoleri wa dziko linauluka ngati chipewa, nanga la mlimi wa nthochi kumudzi?

Kutacha, pafupifupi nyumba 9 mwa nyumba 10 zilizonse pachilumbapo zinali ndi denga lowonongeka kapena zinalibiretu denga. Anthu oposa 60 anafa kapena kusowa. Magetsi zii, madzi a m'mipope zii, mafoni sakugwira. Akatswiri atawerengetsera, anapeza kuti namondweyo, dzina lake Maria, anawononga zinthu za ndalama pafupifupi madola 1.3 biliyoni a ku America. Imeneyi inali 226 peresenti ya chuma chonse chimene dzikolo limapanga pa chaka. Kuti nambalayi imveke, tiyerekeze banja limene limapeza K1,000,000 pa chaka, ndiye usiku umodzi wokha litaye katundu wa K2,260,000.

Komatu patangotha zaka ziwiri, mu 2019, alendo odzagona pachilumbapo anachuluka kuposa mmene analili namondweyo asanabwere. Zinatheka bwanji? Wina angayankhe mofulumira kuti anakhoma malata atsopano pamahotela n'kupaka penti, basi. Ayi ndithu. Hotela ndi chinthu chomalizira kuchira, ndipo siichira yokha.

Dominica ndi kuti?

Choyamba tisasokoneze: Dominica si Dominican Republic. Maiko onsewa ali m'nyanja ya Caribbean, pakati pa North America ndi South America, koma Dominican Republic ndi dziko lalikulu la anthu mamiliyoni olankhula Chisipanishi. Dominica ndi kachilumba ka masikweya kilomita 750, pafupifupi kukula kwa boma la Chiradzulu, ndipo pamakhala anthu ngati 70,000 okha. Kali pakati pa zilumba ziwiri za dziko la France, Guadeloupe kumpoto ndi Martinique kumwera. Likulu lake ndi Roseau. Kanalandira ufulu wodzilamulira kuchoka ku Britain mu 1978.

Zilumba zambiri za ku Caribbean zimakopa alendo ndi mchenga woyera wa m'mbali mwa nyanja. Dominica mchenga wake wambiri ndi wakuda, chifukwa chilumbacho chinabadwa ndi mapiri ophulika. Chimene amagulitsa kumeneko ndi chilengedwe. Kuli nkhalango yowirira, mathithi ngati a Trafalgar, ndi mitsinje yambirimbiri. Eni ake amakonda kunena kuti ilipo 365, umodzi pa tsiku lililonse la chaka. Kuli Boiling Lake, kanyanja kamene kamabwata tsiku ndi tsiku chifukwa cha kutentha kochokera pansi pa nthaka. Kuli njira yoyenda pansi ya Waitukubuli, yotalika makilomita pafupifupi 185, yodutsa chilumba chonse kuchokera kumwera mpaka kumpoto. M'nyanja yake mumakhala anangumi a mtundu wa sperm whale chaka chonse. Mlendo amene walipira ndege kupita ku Dominica sapitira bedi la m'hotela. Amapitira zimenezi, ndipo namondwe wa Maria anakhudza pafupifupi zonse.

Injini yoyendera madzi ofunda

Mwina mukufunsa kuti hurricane n'chiyani. Mukumudziwa kale. Ndi namondwe yemwe uja, mtundu wa Freddy amene anasakaza chigawo cha kumwera kwa Malawi mu March 2023. Akabadwira m'nyanja ya Atlantic amamutcha hurricane, kufupi ndi Japan ndi Philippines amati typhoon, ndipo kuno kwathu, m'nyanja ya Indian, timati cyclone. Kusiyana kwake n'kwa kazunguliridwe: kumpoto kwa ikweta amazungulira motsutsana ndi mivi ya wotchi, kumwera kuno amatsata mivi ya wotchi.

Mafuta ake ndi madzi ofunda. Pamwamba pa nyanja pakatentha kufika madigiri 26.5 kapena kupitirira, madzi ambiri amasanduka nthunzi n'kukwera kumwamba. Kumwambako n'kozizira, ndiye nthunzi ija imasandukanso timadontho ta madzi, mitambo n'kupangika. Apa ndi pamene pagona nkhani. Kuti madzi asanduke nthunzi amameza kutentha, ndipo nthunziyo ikamabwerera kukhala madzi imalavula kutentha konse kuja. Kutenthako kumafunditsa mpweya wozungulira, mpweyawo umapepuka n'kukwera kwambiri, pansi pamatsala malo a mpweya wochepa, ndipo mpweya wina wachinyontho umathamangira pamenepo kuchokera mbali zonse. Nawonso ukwera, ulavula kutentha, ukoka wina. Injini yalira. Kuzungulira kwa dziko lapansi kumakhotetsa mpweya wothamangawo, n'chifukwa chake namondwe amaoneka ngati nkhata pazithunzi za setilaiti.

Anamondwe a ku Atlantic amawaika m'magawo 5 potengera liwiro la mphepo. Gawo 5 limayambira pa makilomita 252 pa ola. Chimene chinadzidzimutsa anthu pa Maria n'chakuti anachoka pa gawo 1 kufika pa gawo 5 m'maola osakwana 24. Munthu amene anadzuka m'mawa n'kumva pawailesi kuti kukubwera namondwe wapakatikati, pofika usiku anali pansi pa mphepo ya makilomita pafupifupi 270 pa ola. Mwini hotela analibe nthawi yotumiza alendo kwawo, ndipo msodzi analibe nthawi yokwanira yokokera bwato kumtunda.

Phiri limafinya mtambo

Mphepo ndi imene imatchuka, koma ku Dominica madzi anachita zoopsa zofanana. Chilumbachi ndi mapiri okhaokha; lalitali kwambiri, Morne Diablotins, limafika mamita 1,447. Mpweya wachinyontho ukagunda phiri ulibe kolowera, umakwera, umazizira, n'kukhuthula mvula. Ndi zomwe mumaphunzira m'Jogalafe zija, chifukwa chomwecho chimene Mulanje amalandirira mvula yambiri kuposa Nsanje. Malo ena ku Dominica analandira mvula yoposa mamilimita 500 pa namondwe mmodziyu. Pa sikweya mita imodzi, amenewo ndi malita 500, zigubu 25 za malita 20. N'kuposa theka la mvula imene Lilongwe amalandira chaka chathunthu.

Dothi likamwa madzi ochuluka chonchi limalemera, komanso madzi amalowa pakati pa timibulu ta dothi n'kuchepetsa kugwirana kwake. Pamalo otsetsereka dothilo limangotereraka. Ofufuza amene anaona zithunzi za setilaiti anawerenga malo pafupifupi 10,000 pamene nthaka inagumuka. Matope, miyala ndi zigodo za mitengo zinatsika m'mitsinje, zinatseka pansi pa milatho, madzi n'kupatukira m'midzi ndi m'misewu ya mu Roseau. Amene anaona napolo wa ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, safuna kufotokozeredwa zambiri.

Denga siligwa, limakwera

Tsopano tiyeni ku Fizikisi pang'ono, chifukwa apa ndi pamene kumanganso kumayambira. Mphamvu imene mphepo imakankhira chinthu sikula mofanana ndi liwiro lake. Imakula ndi liwirolo kulichulukitsa ndi lokha. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Mphepo ya makilomita 240 pa ola ndi yothamanga kanayi kuposa ya makilomita 60, koma imakankha ka 16. Mukawerengetsera mphepo ya makilomita 270 pa ola, mupeza kuti sikweya mita imodzi ya khoma imakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 340. Amenewo ndi matumba 7 a chimanga, pa kamalo kochepa kuposa chitseko cha kalasi yanu.

Koma denga nthawi zambiri silikankhidwira pansi. Limazulidwira m'mwamba. Yesani izi: ng'ambani kapepala kakatali, kagwireni m'munsi mwa mlomo wanu, ndiye uzirani mpweya pamwamba pake. Kapepalako kadzuka. Mphepo ikamawoloka pamwamba pa denga imathamanga n'kukhota, ndipo mpweya wa pamwambapo umapanikiza mochepa kusiyana ndi wa m'nyumba. Denga limayamwidwira kumwamba. Ndiye zenera kapena chitseko choyang'ana kumene kukuchokera mphepo chikasweka, mphepo imadzaza m'nyumba ngati chibaluni n'kumakankha dengalo kuchokera pansi. Kunja kukoka, m'kati kukankha. Msomali wamba umene unakhomedwa choongoka umangosolokamo.

N'chifukwa chake malangizo a kamangidwe amene anafalitsidwa Maria atapita ankanena zinthu zooneka zazing'ono. Malata akhale ochindikala, ndipo amangidwe ndi masikuluu m'malo mwa misomali, chifukwa sikuluu ili ndi mano ogwira thabwa. Matabwa a denga amangiriridwe kukhoma ndi timalamba tachitsulo, khoma nalo ligwirane ndi maziko, kuti mphamvu yokoka ija itsike mpaka pansi popanda podukira. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira kuposa la mbali ziwiri, chifukwa mphepo sipeza khoma lalitali losongoka loti iwombe. Malata asatulukire kwambiri kunja kwa khoma, ndipo denga la khonde likhale lapalokha, kuti likauluka lisanyamule la nyumba yonse. Mukamabwerera kunyumba lero, tayang'anani madenga a m'njira. Muona kuti ambiri a ife timadalira misomali ndi miyala yosanjika pamwamba.

Kupatula kamangidwe, palinso funso la malo. Hotela ya Jungle Bay inali kum'mwera chakum'mawa kwa chilumbacho. Mu August 2015 namondwe wocheperako, Erika, amene mphepo yake sinafike n'komwe pa gawo 1, anagwetsa mvula imene inagumula mapiri n'kuiwononga. Eni ake sanamangenso pomwepo. Anasamukira kufupi ndi mudzi wa Soufrière, kumadzulo, ndipo anatsegula mu 2019. Anthu a m'mudzi wa Petite Savanne, umene Erika anaukwirira, nawonso anasamutsidwira ku nyumba zatsopano ku Bellevue Chopin. Pali malo ena amene ngakhale mutamanga ndi simenti yochuluka bwanji, phiri likafuna kutsika litsika.

Unyolo umene umathera pa bedi la mlendo

Chilumba chonse chinali ndi zipinda zogona alendo zosakwana 1,000, ndipo zambiri zinawonongeka. Koma tiyerekeze kuti muli ndi hotela imene mwamwayi sinakhudzidwe. Kodi mawa lake mutsegula? Mlendo atera pati, pamene bwalo la ndege la Douglas-Charles ladzaza matope a mtsinje? Akatera, adutsa msewu uti, pamene milatho yaduka? Akafika, asamba madzi ati? Mufiriji muli chiyani, pamene mapolo a magetsi agona pansi ndipo m'madera ena magetsi adzatenga chaka kapena kuposerapo kuti abwerere? Nanga nthochi, madimu ndi nsomba za pa chakudya cham'mawa zichokera kuti, minda itaphwasuka ndipo mabwato ali pamwamba pa miyala?

Ndiye pali anthu. Wophika, woyala mabedi, woyendetsa minibasi, wolondolera alendo m'nkhalango, onsewa nawonso nyumba zawo zinalibe madenga. Anthu zikwizikwi anachoka pachilumbapo m'milungu yoyambirira, ena kupititsa ana kusukulu ku zilumba zoyandikana, ena kukafuna ganyu. Munthu waluso akakhazikika kwina, kumubweza n'kovuta kuposa kubweza lata. Sukulu ya zaudokotala ya Ross University, imene inakhala m'tauni ya Portsmouth zaka pafupifupi 40, inasamutsa ophunzira ake namondwe atangopita, ndipo mu 2018 inalengeza kuti ikukakhazikika ku Barbados. Ophunzirawo sanali alendo odzaona malo, koma ankachita lendi nyumba, ankadya m'malesitilanti, ndipo makolo awo akabwera kudzawaona ankagona m'mahotela. Portsmouth inataya makasitomala a tsiku ndi tsiku amene sanabwererenso.

Oyamba kugona m'zipinda zimene zinatsala sanali alendo okasangalala ayi. Anali ogwira ntchito za chithandizo, mainjiniya ndi okonza mawaya a magetsi ochokera ku maiko ena. Kenako kunayamba kubwera sitima zikuluzikulu zapamadzi zoyendetsa alendo, patangopita miyezi yowerengeka. Sitimazi zimafulumira kubwerera chifukwa zimayenda ndi mabedi ake, magetsi ake ndi chakudya chake. Zimangofuna doko ndi msewu umodzi wopita ku mathithi. Vuto lake n'lakuti mlendo wa pasitima amakhala maola ochepa, amagula kadengu kamodzi n'kubwerera kukadya m'sitima. Wosiya ndalama zenizeni ndi amene amagona sabata yathunthu. Panalinso alendo ena amene anaitanidwa kuti tchuthi chawo akachithere akugwira chikwanje, kulambula njira ya Waitukubuli ndi kuchotsa mitengo mu mtsinje wa Indian River.

Nkhalango ili ndi wotchi yake

Zithunzi za Dominica zojambulidwa kuchokera kumwamba Maria asanafike zimaonetsa chilumba chobiriwira. Zojambulidwa patapita masiku ochepa zimaonetsa chilumba chofiirira, ngati kwathu kuno mu October moto utadutsa. Mphepo inapulula masamba pafupifupi onse, inathyola nthambi, mitengo ina inakungunulidwa makungwa. Kwa dziko limene limadzitcha chilumba cha chilengedwe, uku kunali ngati sitolo yapsa ndi katundu yense.

Koma nkhalango za ku Caribbean zakhala zikukumana ndi anamondwe kwa zaka zikwi zambiri, ndipo zili ndi njira zake. Mtengo umene wataya masamba msanga umapulumuka, chifukwa mphepo imasowa pogwira. Ndi uja wokakamira masamba ake amene amazulidwa. Pansi pa khungwa la mitengo yambiri pamakhala timaso togona, timene sitiphuka mtengo ukakhala bwinobwino. Nthambi zikathyoka, timasoti timadzuka, ndipo patapita milungu yochepa thunthu lonse limamera timasamba, mtengo n'kumaoneka ngati burashi yotsukira botolo. Pansi napo pamachitika zina. M'nkhalango yowirira dzuwa silifika pansi, ndiye mbewu zambiri zimangodikira m'dothi. Masamba a pamwamba akachoka, kuwala kumalowa, ndipo mitengo yokula msanga ngati Cecropia imathamanga kudzaza mipata. Masamba onse amene anagwa aja amawola n'kukhala manyowa ake.

Choncho kubiriwira kumabwerera m'miyezi yochepa, ndipo mlendo wojambula chithunzi amakhutira. Koma tisanamizane, kubiriwira si kuchira. Mitengo ikuluikulu ya zaka mazana, ngati gommier umene anthu a mtundu wa Kalinago amasemera mabwato, ikagwa imatenga zaka makumi ambiri kuti ina ifike msinkhu womwewo. Ziyangoyango zimakonda kuwala, ndipo zimatha kuphimba timitengo tating'ono n'kutichedwetsa.

Kuchedwa kumeneku kumagwera nyama. Pa mbendera ya Dominica pali chinkhwe chotchedwa sisserou, chimene sichipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Chimadya zipatso ndi njere za m'mitengo italiitali, ndipo chimaikira mazira m'mphako za mitengo yakale. Ngakhale Maria asanabwere, mbalamezi zinalipo mazana ochepa chabe. Namondwe atapita panadutsa milungu anthu asanachionenso, ndipo ena ankaopa kuti mtundu watha. Chinaonekanso, koma mbalame imene imaswa mwana mmodzi pa nthawi siichulukana mofulumira. Zinachitikaponso pambuyo pa namondwe wa David mu 1979, ndipo zinatenga zaka zambiri kuti chiwerengero chikwere.

Pano ndipatukeko pang'ono, chifukwa nkhani iyi a Bayoloje muikonda. Chaka chomwecho cha 2017, wasayansi wina dzina lake Colin Donihue ndi anzake anali atangomaliza kuyeza abuluzi pa tizilumba ta Turks and Caicos, kumpoto chakumadzulo kwa Dominica, pamene anamondwe a Irma ndi Maria anadutsa kumeneko. Anabwererako patapita milungu yochepa n'kuyezanso. Anapeza kuti abuluzi amene anapulumuka anali ndi timapazi tomata tokulirapo ndi miyendo yakutsogolo yotalikirapo poyerekeza ndi gulu la poyamba. Ogwira nthambi mofooka anauluzika. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu magazini ya sayansi ya Nature mu 2018. Chisankho cha chilengedwe chimene Darwin ankanena chija, apa chinachitika m'masiku owerengeka, anthu akuona.

Pansi pa nyanja kuwonongeka kunali kosiyanasiyana. Mafunde amatakasa kwambiri madzi a pamwamba, ndiye makorali ndi masiponji a m'madzi osaya ndi amene amathyoka, pamene a pakuya amapulumuka. Mdani wina ndi matope ochokera m'mitsinje. Makorali ndi tinyama timene timakhala ndi ndere zing'onozing'ono m'thupi mwake, ndipo nderezo zimafuna kuwala kuti zipange chakudya. Matope akaphimba, chakudya chimatha. Anangumi aja, amene amasaka chakudya pakuya mamita mazanamazana, anapitiriza moyo wawo.

Ndalama zinachokera kuti?

Dziko laling'ono likataya chuma choposa cha zaka ziwiri, thumba la boma silingakwanitse. Thandizo loyamba linachokera ku inshuwaransi yamtundu wina imene maiko a ku Caribbean anakhazikitsa pamodzi, yotchedwa CCRIF. Inshuwaransi wamba imatumiza munthu kudzaona zowonongeka, kulemba, kukangana, ndipo miyezi imatha. Iyi imagwiritsa ntchito masamu: amatenga liwiro la mphepo ndi njira imene namondwe wadutsa, kompyuta imawerengetsera kuwonongeka koyembekezeka, ndipo zikapitirira mlingo umene anagwirizana, ndalama zimatuluka. Dominica inalandira madola pafupifupi 19 miliyoni pasanathe masiku 14. Poyerekeza ndi 1.3 biliyoni n'kadontho, koma kadontho kofika pamene mukufuna dizilo wa mathirakitala otsegula misewu.

Patangopita masiku asanu chichitikireni ngoziyo, a Skerrit anakalankhula ku msonkhano waukulu wa United Nations ku New York. Anakumbutsa maiko olemera kuti zilumba ngati Dominica sizitulutsa mpweya wochuluka wotenthetsa dziko, koma ndi zimene zikulandira zibakera. Boma lawo linalonjeza kuti Dominica idzakhala dziko loyamba lopirira kusintha kwa nyengo, ndipo mu 2018 linakhazikitsa bungwe lotchedwa CREAD loyang'anira ntchito yomanganso. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, Britain, Canada ndi ena anathandizapo.

Koma ndalama zambiri za mahotela atsopano ndi nyumba za anthu zinachokera ku njira imene ambiri amaikayikira: kugulitsa unzika. Munthu wolemera wa kudziko lina amapereka ndalama ku boma, pa nthawiyo kuyambira madola 100,000, kapena amagula gawo la hotela imene ikumangidwa, ndipo amalandira pasipoti ya Dominica ngakhale asanapondepo phazi. Hotela yaikulu ya ku Cabrits, pafupi ndi Portsmouth, imene inatsegulidwa mu October 2019, inamangidwa ndi ndalama zoterezi. Jungle Bay yatsopano ija chimodzimodzi. Nyumba zolimba zinamangidwadi, ndipo anthu akugonamo. Koma mu 2023 Britain inalamula kuti nzika za Dominica ziyambe kufunsira viza, ponena kuti njira yogulitsa unzikayi ikugwiritsidwa ntchito molakwika. Amene anavutika ndi lamuloli ndi nzika wamba zimene zili ndi abale ku London. Kwa ine, apa ndi pamene pali pofooka pa nkhani yonseyi. Denga mutha kulimanga ndi masikuluu, koma ngati ndalama zomangira zikudalira malamulo a viza a maiko ena, ndiye kuti mphepo ina ikhoza kuchokera ku ofesi, osati kunyanja.

Alendo abwerera, kenako mliri

Chomaliza kuchira ndi maganizo a mlendo. Munthu wa ku Canada kapena Germany amene anaona pa TV chilumba chofiirira amasunga chithunzi chimenecho zaka, ngakhale masamba ataphuka kale. Ambiri sadziwanso kusiyana kwa zilumba za ku Caribbean, moti zilumba zimene namondwe sanazikhudze n'komwe zinataya alendo chaka chimenecho. Dominica inayenera kuonetsa umboni pang'onopang'ono. Chikondwerero cha nyimbo cha World Creole Music Festival, chimene chinalephereka mu 2017, chinachitikanso mu October 2018. Hotela yodula ya Secret Bay inatsegulanso chakumapeto kwa chaka chomwecho. Mu 2019 chiwerengero cha alendo chinakwera kuposa cha kale, monga tanena poyamba paja.

Ndiye mu 2020 kunabwera COVID-19. Malire anatsekedwa, sitima zinaima, ndipo mahotela atsopano aja, a madenga olimba, anakhala opanda munthu. Palibe lata limene linauluka, koma woyala mabedi anakhalanso pakhomo. Zinthu zinayambanso kuyenda chakumapeto kwa 2021, pamene ndege za American Airlines zinayamba kuuluka kuchokera ku Miami mpaka ku Dominica osaima pena, koyamba m'mbiri ya chilumbacho. Mu 2023 boma linalengeza kuti lipatula dera la nyanja la masikweya kilomita pafupifupi 800, lalikulu kuposa chilumba chenichenicho, kuti likhale lotetezera anangumi aja.

Ntchito zina zikuluzikulu zinayambika: bwalo la ndege lalikulu kufupi ndi mudzi wa Wesley, siteshoni yopanga magetsi kuchokera ku nthunzi ya pansi pa nthaka ku Laudat, ndi ngolo zoyenda pa chingwe zokweza alendo kupita ku Boiling Lake. Ngolozi zautsa mtsutso. Popanda ngolozi, kuti ufike ku kanyanja kobwatako umayenda pansi maola atatu kupita, atatu kubwerera, ndi wolondolera wa m'deralo amene umamulipira. Ena akuti ngolo zibweretsa alendo ochuluka ndi ntchito zambiri. Ena akufunsa kuti wolondolera uja adzadya chiyani, ndiponso ngati nkhalango ya Morne Trois Pitons, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1997, ingapirire mapazi ochuluka chomwecho ikadali m'kati mochira.

Dzina loti Maria linachotsedwa pa mndandanda wa maina a anamondwe mu 2018, monga zimakhalira ndi namondwe aliyense amene wapha ndi kuwononga kwambiri. Nyengo ya anamondwe ku Atlantic imayamba pa 1 June mpaka pa 30 November chaka chilichonse, ndipo nyanja ikunka nifunda. Asayansi sanena kuti anamondwe achuluka chiwerengero, koma kuti gawo lalikulu la iwo lizifika pa mphamvu zoopsa, azikula mofulumira, ndipo azinyamula mvula yambiri, chifukwa mpweya ukafunda ndi digiri imodzi umasunga nthunzi yowonjezera pafupifupi 7 peresenti. Pa 1 July 2024, namondwe wa Beryl anadutsa kumwera kwa Dominica n'kusasula madenga a tizilumba ta Carriacou ndi Union Island, timene natonso timadalira alendo. Patangopita maola ochepa anafika pa gawo 5. Chiyambireni kulemba mbiri ya anamondwe a ku Atlantic, panalibe amene anafikapo pa gawo limeneli koyambirira kwa nyengo chonchi.